Matenda a wailesi othawa akaona makaniko

Tinali titangodutsa pa Lizulu, matumba a kabichi ndi tomato ali kumbuyo, pomwe wailesi inazima. Sinayambe yakanda kapena kutsika mawu. Inangoti zii, sikirini n'kuda bii, ngati munthu wazula waya. Amayi anali pampando wakutsogolo akumvera mauthenga a maliro, ndipo wowerengayo anali atangotchula mudzi woyandikana ndi kwathu. Patapita kanthawi sikirini inayakanso, mawu a mayi wa Chijapani anamveka monga amamvekera m'mawa ndikaliza galimoto, wailesi n'kubwerera. Uthenga uja unali utadutsa. Amayi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mwanawe, kodi anati watisiya ndani?" Ndinalibe choyankha. Dzinalo tinalimva mawa lake pafoni, mwambo wonse utatha.

Ena anganene kuti wailesi ya m'galimoto n'chinthu chaching'ono, bola injini ikuyenda. Kwa ine si choncho. Ndimayenda msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Ntcheu pafupifupi mwezi uliwonse, nthawi zambiri ndekha, nthawi zina usiku. Wailesi ndiyo imandichotsa tulo, ndiyo imandiuza za mpira, ndipo sikirini yomweyo ndiyo imandionetsa kumbuyo ndikamabwerera chafutambuyo pakhomo pomwe ana a aneba amasewera. Chinthu chotere chikamazima nthawi imene chafuna, mtima sukhala m'malo.

Galimoto yanga ndi Toyota Sienta ya 2012, imodzi mwa zija zimatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Ndinene pachiyambi pomwe kuti pa zonse ndifotokozezi palibe chimene oipanga analakwitsa. Anaipangira misewu ya kwawo ndi mawailesi a kwawo. Ku Japan FM imayambira pa 76 MHz, ndipo mawailesi a m'galimoto za zaka zimenezo amathera pa 90. Ife kuno timamvera pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye galimoto ikangofika, mwini wake amapeza kuti pafupifupi masiteshoni onse amene amawakonda ali kunja kwa mpanda. Mankhwala ake amadziwika ndi aliyense wamagetsi a galimoto: kabokosi kakang'ono kotchedwa band expander, kamene amakalumikiza pakati pa eriyo ndi wailesi kuti katsitse manambala a masiteshoni athu afike pomwe wailesiyo imamva. N'chifukwa chake nambala imene ikuoneka pasikirini siigwirizana ndi imene woulutsa mawu akutchula. Inenso anandiikira kabokosi kameneka sabata yoyamba, pamalo ena m'tauni, mwachangu, galimoto zina zitatu zikudikira pamzere.

Pali zinthu zina zimene m'masiku oyamba ndinkaziwerengera m'gulu la matenda pomwe si matenda. Mapu a m'sikirini ndi a Japan yekha, choncho kamuvi kosonyeza pomwe ndili kamangoyandama pamalo opanda msewu uliwonse. Wotchi imatenga nthawi kuchokera ku GPS n'kuiwerenga Chijapani, ndiye imatsogola ndi maola 7: ndikamanyamuka 6 koloko m'mawa iyo ikuti 13:00. Mayi wolankhula uja ali m'kabokosi kena pansi pa chiwongolero, ka ETC, njira yolipirira misewu popanda kuima imene Japan inayamba kugwiritsa ntchito mu 2001. Amangondiuza kuti khadi yolipirira sinalowetsedwe. Sadziwa kuti pa toll gate ya Kalinyeke ndimaima n'kupereka ndalama pamanja. Zonsezi zimachitika tsiku lililonse mofanana, ndipo chinthu chochitika mofanana sichivuta kuchimvetsa. Chovuta ndi chija chimabwera lero, mawa ayi, mkuja kawiri.

Ndinapita nayo kwa amagetsi katatu m'miyezi iwiri. Ulendo uliwonse wailesi inkaimba bwinobwino kuyambira pofika mpaka pochoka. Woyamba anasintha fyuzi imene sinali yopsa. Wachiwiri anamenya dashibodi ndi chikhatho kangapo, anamvetsera, n'kunena kuti, "Bwana, apa palibe vuto." Wachitatu anandiuza kuti mawailesi a Chijapaniwa akakalamba amatero, ndingogula ya Android yokhala ndi Chingerezi komanso mapu a kuno, ndipo anali nayo m'kabati. Sindiwada anthu amenewa. Munthu wopatsidwa galimoto kwa theka la ola, itaima pamthunzi, sangaone vuto lobwera pa liwiro la 80 pamsewu wa maenje. Koma ndikanagula wailesi yatsopano ija, akanailumikiza ku mawaya omwewo, ndipo ikanayamba kuzima chimodzimodzi, ine nditataya ndalama ndi wailesi yabwino.

Amene anandibweza panjira imeneyo ndi mayi akunyumba. Iwo ndi namwino, ndipo atandimva ndikudandaula usiku wina anati, "Odwala akabwera n'kunena kuti mutu umawawa nthawi zina, sitiwapatsa mankhwala msanga. Timafunsa kuti nthawi zina zake ziti. Inu mwalembapo?" Ndinali ndisanalembepo kalikonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ndinkakhala m'galimoto vutolo likamachitika ndinali ine, osati makaniko. Mawa lake ndinagula kope la ana asukulu ndi cholembera n'kuziika pafupi ndi giya.

Ndinalemba kwa masabata 6. Chilichonse chikachitika ndinkaima pambali, kapena kusunga m'mutu mpaka poima, n'kulemba tsiku, nthawi, malo, mtundu wa msewu, kaya kunja kukutentha kapena kwazizira, zimene zinali zoyatsa m'galimoto, ndiponso chenicheni chimene chazima. Funso lomalizali ndi limene linatsegula zonse. Poyamba ndinkangoti "wailesi yavuta", mawu amodzi ophimba zinthu zosiyana. Nditayamba kulemba mosamala ndinaona kuti ndili ndi matenda anayi, osati amodzi. Nthawi zina sikirini inkazima yonse n'kuyakanso msanga. Kawiri kokha inazima n'kutenga mphindi zingapo ikudzaza kamzere pang'onopang'ono ndi zolemba za Chijapani. Nthawi zina sikirini inkakhala yoyaka bwino koma mawu onse n'kusowa, kaya ndi FM kapena nyimbo za pafoni. Ndipo nthawi zina FM yokha inkadzaza ndi phokoso la shiii, pomwe Bluetooth ili bwino.

Lomalizali ndinalipeza ndekha, ndipo ndi limene ndikufuna aliyense ayambe wayesa chifukwa silidya ndalama. M'kope munaoneka kuti phokoso lija limabwera pa maulendo aatali okha, makamaka kupitirira Dedza komwe siteshoni imayamba kufooka. Pa maulendo aatali ndi pomwe ndinkatchaja foni. Tsiku lina phokoso lili mkati ndinazula chaja pa soketi ya ndudu, ndipo mawu anayera nthawi yomweyo. Ndinabwezera, phokoso linabwerera. Ndinachita zimenezi kasanu kuti ndikhulupirire. Chaja ya m'galimoto imatsitsa magetsi kuchoka pa 12 V kufika pa 5 V powadula ndi kuwalumikiza mofulumira kwambiri, ndipo zotchipa zambiri zilibe zotchingira phokoso lamagetsi lobwera chifukwa cha kudulako. Chingwe cha foni chimasanduka kaeriyo kofalitsa phokosolo m'galimoto monse. Pafupi ndi tauni siteshoni imakhala yamphamvu moti imaliphimba, koma kutali limapambana.

Chaja yomweyo inandifotokozera chinthu china chimene ndinkachiimba mlandu Google Maps. Popeza mapu a m'galimoto ndi achabe kuno, njira ndimayang'ana pafoni, ndipo kadontho kabuluu kankachedwa kapena kudumphira m'minda ya anthu ndili pakati pa msewu. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo uthenga wawo pofika pansi pano umakhala wofooka kwambiri. Foni imafunika kumva osachepera anayi kuti idziwe pomwe ili. Phokoso pang'ono pafupi nayo limakwanira kuisokoneza. Nditagula chaja yabwinoko ndi chingwe chachifupi, kudumpha kuja kunachepa kwambiri. Kotsalako kunali kwa dzuwa: foni yomatidwa pagalasi masana a Okutobala imatentha, imadzichepetsera kuwala, imasiya kutchaja, ndipo zonse zimayenda mwaulesi. Ndinaisamutsira pakamphepo ka AC.

Matenda atatu otsalawo ndinapita nawo ku Biwi, kwa bambo wina wachikulire amene mnzanga wa kuntchito anandilozera. Sindinawauze kuti wailesi yavuta. Ndinawapatsa kope. Anavala magalasi, anakhala pa tayala lakutha, n'kuwerenga masamba onse osalankhula. Atamaliza anafunsa funso limodzi.

"Achimwene, apa mwalemba kuti mayi uja analankhula. Amalankhula nthawi zonse sikirini ikazima?"

"Eya bambo, nthawi zonse."

"Ndiye wailesi yanu ilibe mlandu."

Anandifotokozera motere. Kabokosi ka ETC ndi wailesi ndi zipangizo ziwiri zosiyana. Wailesi ikanakhala kuti ikufa yokha m'kati mwake, mayi uja sakanadziwa n'komwe. Ngati onse awiri akudzuka limodzi, ndiye kuti onse awiri anamanidwa magetsi limodzi, ndipo vuto lili pa waya umene amagawana. Wailesi ya galimoto imadya magetsi kuchokera mbali ziwiri. Pali waya wochokera ku batire umene suzima ngakhale kiyi atachotsedwa, wosunga zimene wailesi ikukumbukira. Pali wina wa ACC umene umayaka kiyi akatembenuzidwa, wouza wailesi kuti idzuke. Pa mawailesi ogula padera woyambawo umakhala wachikasu, wachiwiri wofiira, ndipo wakuda ndi wa earth wopita kuchitsulo cha galimoto. Kuzima kwakufupi kuja, anatero, ndi ACC ikuduka kwa kamphindi. Kuzima kwakutali kodzaza kamzere ndi waya wa batire, chifukwa mawailesi a mtundu wangawu akamanidwa magetsi onse amayambiranso kuwerenga pulogalamu yawo kuchokera pa khadi ya SD ya mapu.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani ya khadi imeneyi yaliza anthu ambiri. Kakhadi kameneka kamaoneka kopanda ntchito popeza mapu ake ndi a dziko lina, ndipo ena amakachotsa kuti aikemo nyimbo, ena kamawasowa galimoto isanafike n'komwe m'manja mwawo. Wailesi imapitiriza kugwira ntchito miyezi yambiri popanda iko, mpaka tsiku losintha batire. Tsiku limenelo sikirini imadzuka n'kupempha khadi, ndipo siipitirira pamenepo: palibe FM, palibe kamera. Zina zimapemphanso nambala yachinsinsi imene mwini wake woyamba anaika ku Japan, ndipo pamafunika kutenga nambala ya ERC pasikirini yobisika n'kupita nayo kwa odziwa kumasula. Ngati muli ndi galimoto yotere, tsegulani kachitseko ka sikirini lero muone ngati khadi ilimo musanalole munthu aliyense kumasula batire. Yanga inalimo, ndipo bambo aja anayamba aionetsetsa asanagwire sipanala.

Anayamba ndi batire. Pa mita yawo inaonetsa 12.5 V injini itazima, pafupi ndi 12.6 ya batire yodzaza, ndipo injini ikulira inakwera kufika 14.1, kusonyeza kuti alternator ikutchaja bwino. Munthu wachangu akanathera pomwepo n'kuti magetsi ali bwino. Iwo anagwira chomangira cha mbali ya negative n'kuchipotoza ndi dzanja, ndipo chinazungulira. Pansi pake panali ufa woyera wobiriwirako. Anandionetsa m'kope kuti kuzima kwakutali kuja kunachitika kawiri konse m'mawa wa mwezi wa Juni, poliza galimoto. Sitata imakoka magetsi ochuluka zedi, m'mawa wozizira imakoka oposa, ndipo podutsa pa chomangira cholendewera chadzimbiri mphamvu inkagwa mpaka wailesi kuiwala zonse. Anatsuka ndi madzi a soda, anapala ndi sandipepa mpaka mtovu kuwala, anamanga zolimba n'kupaka girisi pang'ono pamwamba. Anatsatanso waya wa earth mpaka pomwe umamangidwa kuchitsulo, napalanso pamenepo.

Kenako anatulutsa wailesi m'dashibodi, ndipo zimene ndinaona kumbuyoko zinandiwawa mtima. Amene anaika expander uja anadula waya wa ACC pakati, anasenda nsonga zake, n'kupota pamodzi mawaya anayi: wochokera ku kiyi, wopita ku wailesi, wa ETC ndi wa expander. Anakulunga ndi tepi yakuda basi. Kutentha kwa m'dashibodi kwa zaka ziwiri kunasungunula ulimbo wa tepiyo, mfundo n'kumasuka. Bambo aja anayatsa kiyi, wailesi ikuimba, n'kukhudza mfundoyo ndi chala chimodzi. Sikirini inazima, mayi wa Chijapani n'kulankhula. Anakhudzanso, zinachitikanso. Kwa miyezi yonse ija ndinkalakalaka munthu wina ataona zimene ndinkaona, ndipo apa zinali kuchitika pa lamulo la chala. M'kope, kuzima konse kwakufupi kunali pa mabampu, m'maenje, kapena pamsewu wafumbi wolowera kumudzi kwathu umene umagwedeza galimoto ngati lichero lopetera.

Anadula mfundo yonse n'kuyambiranso. Waya uliwonse anaulumikiza ndi mtovu wowotchera, n'kuuveka kapaipi kapulasitiki kamene kamafota kakatenthedwa. Expander, imene inkangolendewera pa mawaya ake n'kumawakoka pa bampu lililonse, anaimangirira kuchitsulo. Ndinawafunsa ngati kupota mawaya n'kulakwa nthawi zonse. Anayankha kuti mfundo yopota imagwira bwino tsiku loyamba, n'chifukwa chake kasitomala amachoka akusangalala ndipo woikayo samva n'komwe kuti ntchito yake inadzavuta. Ndimaganizabe za mawu amenewa. Mnyamata uja mwina mpaka lero akupota mawaya ndi mtima woyera, poti palibe anabwerera kukamuuza.

Vuto lachitatu, la mawu kusowa sikirini ili yoyaka, linatitengera nthawi yaitali kuposa onse, ndipo tsiku limenelo silinapezeke. Bambo aja anandiuza kuti ndipite, ndiyende sabata ziwiri, ndione ngati zimene takonzazi zalichotsa. Ndinafuna kuti angomasula zitseko zonse tithane nazo, koma anakana. "Tikagwira zinthu zisanu tsiku limodzi vuto n'kutha, simudziwa chimene chinali kulakwa. Likadzabweranso muyambira pati?" Ndinachoka ndisanakhutire, koma ndinamvera.

Linabweradi, katatu. Ulendo uno kope linali loyera, lopanda matenda ena osokoneza, ndipo chithunzi chinaoneka msanga: katatu konse mawu anasowa nditangotseka chitseko changa, ndipo kamodzi anabwerera nditachitsegula pa roadblock kuti ndionetse chiphaso. Ndinabwerera ku Biwi ndi nkhani imeneyi. Anamasula pulagi ya masipika kumbuyo kwa wailesi n'kuyeza iliyonse. Zonse zinali pafupi ndi ma ohm 4 monga zimayenera kukhalira. Kenako anaika mbali imodzi ya mita pa waya wa sipika ya kudzanja lamanja, ina pachitsulo cha galimoto, n'kundiuza kuti ndizitsegula ndi kutseka chitseko pang'onopang'ono. Chitseko chitatsala pang'ono kutsekeka, mita inalira.

Pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto pali kampira kopindikapindika komwe mumadutsa mawaya a galasi, a loko ndi a sipika. Chitseko cha dalaivala ndicho chimatsegulidwa kuposa zonse, ndipo mawayawo amapindika ulendo uliwonse kwa zaka. Kampira kanga kanali katavuka mbali imodzi, ndipo waya wa sipika unkakhuzika pamphepete pa chitsulo mpaka khungu lake kutha, mkuwa kuonekera. Ukakhudza chitsulo, kachipangizo kokweza mawu m'kati mwa wailesi kankaona kuti magetsi akuthawira kolakwika n'kutseka masipika onse anayi kuti kasapse. Chimene ine ndinkachiyesa kufa kwa wailesi chinali wailesi ikudziteteza. Ikanapanda kutero, bwenzi itapsa kalekale. Anadula pamalo powonongekapo, anaikapo waya watsopano wofewa wautali pang'ono kuti uzipindika momasuka, n'kubwezera kampira m'malo mwake.

Ndalama zonse zimene ndinalipira kwa bambo aja maulendo awiri, kuphatikiza chaja yatsopano, sizinafike ngakhale theka la mtengo wa wailesi ya Android ija. Koma si ndalama zimene zimandikhudza kwambiri ndikakumbukira. Ndi mmene anawerengera kope lija, tsamba ndi tsamba, ngati zolemba za munthu wosadziwa zamagetsi zili ndi kanthu. Amagetsi ambiri m'tauni muno ali ndi luso, ndipo mita ali nayo. Chimene timawamana ife eni galimoto ndi nkhani yolongosoka, ndipo chimene ena a iwo amatimana ndi nthawi yoimvetsera. Timafika n'kuti "imangozima", iwo n'kuyamba kusintha zinthu mwamwayi, ife n'kumalipira.

Asanabwezere wailesi m'dashibodi, bambo aja anandifunsa ngati ndikufuna adule waya wa ETC kuti mayi uja asiye kulankhula, poti alibe ntchito kuno. Ndinati amusiye. Ndi iye amene anaulula komwe kunali vuto, ndipo tsiku lina akadzalankhula ndili pakati pa ulendo ndidzadziwa poyambira kuyang'ana.

Mwezi wathawu ndinakawatenganso amayi kumudzi. Msewu wafumbi uja unali utakumbika ndi mvula, galimoto ikugwedezeka ponseponse, ndipo ine khutu linali pa wailesi mpaka tinafika pa tala. Pa Lizulu tinaima kugula mbatata ya kachewere. Titanyamuka, nthawi ya mauthenga inakwana. Amayi anakweza mawu okha, anapinda manja pachifuwa, n'kumvera mayina onse kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Limodzi anali kulidziwa, la mayi wina amene ankaimba naye kwaya kalekale, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Dedza anandisimbira za iye.